Shaft ya driver ikundivuta, thandizeni

Moni nonse akuluakulu a gofu. Ndili ku Nchalo kuno, vuto langa ndi driver, ndodo yomenyera mpira patali ija. Ndikangomenya pa tee mpira ukumathawira kumanja, slice yeniyeni, mipira ina ndangoisiya kutchire moti caddie wanga watopa nako kusaka padzuwa lakunoli, mukudziwa kale mmene limaotchera ikafika Okutobala.

Ndi Ping G400 ya 10.5, ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito ku Joni, shaft yake (thunthu la ndodoyo) ndi regular, yofewerapo, ya magalamu 55. Ine ndimamenya mwamphamvu ndiye imangowetama ngati bango. Grip ndinasintha, ndayesa kugwirira m'munsi, loft (kupendekeka kwa nkhope ya mutu wa driver) ndinakwezanso ndi kasipanala kake kaja koma ayi ndithu. Tsiku lina ndinabwereka ya mnzanga, stiff, yolimbirapo, ya magalamu 65, eee mpira unkangowongoka bwinobwino, mtunda unachepa pang'ono koma ine bola ugwere pa fairway, pa kapinga wometedwa bwino paja.

Ndiye ndigule stiff kapena ndingodulako inchi imodzi pa shaft yomweyi? Akuti ukadula mutu umamveka wopepuka. Komanso adapter (kachitsulo kolumikiza shaft ndi mutu) ya pa shaft yakaleyi ingatheke kuichotsa n'kuimata ndi epoxy pa yatsopano? Ndani amapanga zimenezi ku Blantyre, ndisakakwere Thabwa pachabe?