Nkhope zikuda, kumbuyo kukupsa: tiyeze bwanji kuwala pamsika?

Wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikujambula pamsika wa Ulongwe, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere ali pansi pa denga, kumbuyo kwawo dzuwa lili phwee. Kamera ndi Nikon, pa Matrix (pomwe kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse), ISO 400 (mlingo wa mmene kamera ikumvera kuwala), JPEG (fayilo ya chithunzi chokonzedwa kale ndi kamera). Nkhope zikutuluka zakuda bii. Ndikawonjezera kuwala, msewu ndi thambo zikuyera mbuu, osaonekanso kanthu. Nditani?

Wa ku Moatize:
Achimwene, yambani mwatsitsa ISO ifike pa 100, chifukwa pa makamera ambiri ndi pomwe sensa (kachipangizo kolandira kuwala mu kamera) imakwanitsa bwino kusunga mdima ndi kuwala pachithunzi chimodzi. Kenako jambulani RAW, fayilo yosunga zonse zomwe sensa yaona. JPEG ndi 8-bit, RAW ndi 12 kapena 14-bit, ndiye RAW imasunga milingo yambiri ya kuwala. Yezerani malo owala, mithunzi mukaidzutse pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi. Pomwe papsa, payera mbuu, sipabwereranso.

Mayi wa mumzinda wa Tete:
Zoona, koma musapite nazo patali, bambo. Mukadzutsa mthunzi ndi ma stop 3 (stop imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri), khungu limatuwa ngati phulusa, komanso limadzaza timadontho. Mayi wogulitsayo akadziona choncho sakondwa, ndipo ine zimandipweteka kuona nkhope za anthu athu zikuonongeka pofuna kupulumutsa thambo. Chofunika pachithunzicho ndi munthu.

Ine ndimaika pa spot, pomwe kamera imayeza kuwala kwa kamalo kamodzi kokha, nkuyeza patsaya. Koma samalani: mita ya kamera imaona chilichonse ngati chotuwa cha 18%. Khungu lathu nlakuda kuposa pamenepo, ndiye kamera imatsegula mopitirira. Tsitsani exposure compensation (pochepetsera kapena kuwonjezera kuwala) pa -0.7 kapena -1, dinani AE-L (batani losunga muyeso wa kuwalawo), kenako mukonze mmene chithunzi chikhalire.

China, sunthani miyendo. Imani mbali yoti kumbuyo kwa mayiyo kukhale khoma, matumba kapena nsalu zomwe zili pamthunzi womwewo. Kuno ku Tete mu Okutobala, kutentha kukamapitirira madigiri 40, masana sindilimbana nalo dzuwa. Ngakhale pamlatho wa Samora Machel, pomwe madzi a Zambezi amathwanima, ndimadikira mmawa kapena chakumadzulo.

Wa ku Zóbuè:
Enafe makasitomala amafuna chithunzi pa WhatsApp pompopompo, nthawi ya kompyuta palibe. Ndimajambula RAW ndi JPEG pamodzi, Active D-Lighting ya Nikon, yomwe imadzutsa mithunzi nkuteteza malo owala mu kamera momwemo, ili yoyatsa. A Canon ali ndi Highlight Tone Priority yoteteza malo owala, koma imayambira pa ISO 200. Fulashi yochepetsedwa pa -1 imathandizanso, bola liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) lisadutse 1/200 ya sekondi pa makamera ambiri. Kungoti pamsika pemphani kaye musanathwanimitse.

Wa ku Ulongwe:
Zikomo nonse. Amayi, za khomazo ndazimva, ndipo mzere wa mbatatawo mbali yotero ilipo. Nanga ndidziwa bwanji kuti papsa? Padzuwa sikirini sioneka bwino.

Mayi wa mumzinda wa Tete:
Sikirini musaikhulupirire, achimwene. Yatsani Highlights pa playback (poonera zithunzi zomwe mwajambula), malo opsa azidzaphethira. Onaninso histogram, galafu yoonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja: ikaunjikana kumapeto kwa kumanja, tsitsani pang'ono. Kakaphethira kachidutswa ka thambo pakona, kasiyeni. Pakaphethira pamphumi kapena pa duku loyera, jambulaninso.

Wa ku Moatize:
Ndiwonjezere: histogram imeneyo imachokera ku JPEG ya mkati mwa kamera, ndiye RAW imakhala itasungako pang'ono kuposa zomwe ikuonetsa. Mukajambula tsiku la msika likubwerali, mutiikire ziwiri, ya Matrix ndi ya spot, ndi manambala ake, tifananize.