Nyumba ya lendi ya miyezi iwiri kunja: ndifunse chiyani ndisanalipire?

Wapaulendo

Moni nonse. Abwana andilola kukagwirira ntchito kunja kwa miyezi iwiri, bola ntchito isaime. Ndasankha Lisbon, likulu la dziko la Portugal, ndipo masabata awiri apitawa ndakhala ndikungofufuza pa Airbnb ndi pa Booking.com mpaka maso kuwawa. Pazithunzi nyumba iliyonse ndi yokongola: makatani oyera, duwa patebulo, dzuwa likulowa pawindo. Koma ine sindikupita kukajambulitsa. Ntchito yanga ndi yothandiza makasitomala pavidiyo, ndimakhala pa Zoom maola anayi kapena asanu tsiku lililonse, madzulo n'kumatumiza mafayilo akuluakulu.

Ndikufunsa chonchi chifukwa chaka chatha ndinapsa. Ndinachita lendi kanyumba kwa sabata imodzi mumzinda wina, atalemba kuti wifi ilipo, pogwirira ntchito palinso. Kufika, pogwirira ntchitopo kanali kashelefu kokhomera kukhoma, laputopu kukwana yokha basi, ndi kampando kopanda poyedzamira. Wifi inalipodi, kungoti rauta, kabokosi kogawa wifi kaja, inali m'nyumba ya mwiniwake pansi, ine ndili nsanjika yachitatu. Tsiku lina msonkhano ndinachitira pamasitepe, laputopu pamaondo, munthu n'kudutsa ndi galu wake makasitomala akuona. Sabata imodzi munthu umapirira. Miyezi iwiri ayi.

Ndiye inu amene munayendapo, mumafunsa chiyani musanalipire? Nanga ndilipiriretu miyezi yonse iwiri kuti anditsitsire mtengo, kapena ndiyambe ndi masiku ochepa?

Kadzidzi

Achemwali, pepani koma za pamasitepezo zandiseketsa, chifukwa inenso ndinakhalapo pakhonde la eni ake pakati pa usiku kusaka netiweki.

Mawu oti "wifi ilipo" musawawerengere n'komwe. Lemberani mwininyumba, mumupemphe akaime m'chipinda chomwe mudzagwiriremo ntchito, atsegule tsamba loyezera liwiro la intaneti monga Speedtest kapena fast.com, ajambule zotsatira akutumizireni. Munene kuti m'chipindamo, osati pafupi ndi rauta, chifukwa makoma a nyumba zakale ndi ochindikala ndipo amadya netiweki. Pa Airbnb eni nyumba ena amaikiratu liwiro loyezedwa, komabe ine ndimafunsa ndithu.

Chithunzicho chikabwera, anthu ambiri amathamangira nambala yaikulu ya download. Inu yang'anani ya upload, chifukwa nkhope yanu, mawu anu ndi mafayilo anu aja zimadutsa pamenepo. Zoom yokha siifuna zambiri, vidiyo ya 1080p imafuna pafupifupi 3.8 Mbps potumiza. Koma ngati nyumba zinayi zikugawana rauta imodzi, madzulo aliyense akayamba kuonera mafilimu inu mudzangouma pasikirini pakamwa pali yasa. N'chifukwa chake funso lachiwiri n'lakuti: rautayo ili mkati mwa nyumba yomwe ndikuchita lendiyo, ndipo ndi yanga ndekha? Lachitatu: ndi ya fiber kapena ndi kabokosi kolowetsa SIM? Ka SIM nthawi zina kamakhala ndi malire a data, ofika pakati pa mwezi n'kuyamba kukwawa.

Rautayo ikakhala mkati mwa nyumba, nyamulani chingwe cha Ethernet cha mamita asanu cholumikizira laputopu ku rauta, ndi kolumikizira ngati laputopu yanu ilibe polowetsa. Sichilemera m'chikwama. Tsiku lofika gulaninso SIM ya konko kapena eSIM, muyese hotspot msonkhano woyamba usanafike.

Mayankhidwe a mwininyumba amaululanso zambiri. Woyankha tsiku lomwelo ndi chithunzi, ameneyo madzi akadzasiya kutuluka adzabwera. Wongoti "osadandaula, intaneti ndi yothamanga kwambiri", musiyeni.

Mayi wa Maakaunti

A Kadzidzi anena zoona za intaneti, koma ine chimene chinandibweza msanga ulendo wina si intaneti, ndi msana. Mpando wa pa tebulo lodyera umakoma ola limodzi. Sabata yachitatu ndinkadzuka ngati nkhalamba, kuvala nsapato mpaka kugwira khoma. Tsopano ndimapempha chithunzi cha tebulo ndi mpando pamodzi, ndi kufunsa ngati pali soketi pafupi. Onaninso komwe kuli windo: likakhala kumbuyo kwanu, makasitomala azidzangoona mthunzi wakuda ukulankhula.

Pa funso lanu la kulipiriratu, ine ndimati ayi. Ndimayamba ndi masiku asanu kapena sabata, ndikaona kuti pali bwino ndimawonjezera. Chifukwa chake n'chakuti pa Airbnb mukangochita lendi ya masiku 28 kapena kuposerapo, malamulo osinthira maganizo amakhala ena, olimbirapo. Mtengo amatsitsadi, koma mukafuna kuchoka pakati, nthawi zambiri mumalipirabe masiku 30 otsatira. Werengani ndimeyo bwinobwino musanadine batani. Ndipo mukapeza kuti zinthu sizili monga analembera, jambulani nthawi yomweyo ndi kudandaula kudzera pa pulogalamuyo pasanathe maola 72, osadikira kuti mwina mawa zisintha.

Ndemanga za alendo musamawerenge nyenyezi zokha. Amene anagona masiku awiri ankangofikira kugona, sadziwa kuti 10 koloko m'mawa kuseri kwa khoma amayamba kubowola. Sakani za amene anakhala mwezi. Tsegulaninso Street View, zithunzi za misewu za pa Google Maps, muyende mumsewumo ndi maso: pansi pa nyumbayo pali bala? Ku Lisbon, dera la Bairro Alto ndi lokongola masana, koma usiku anthu amadzaza misewu mpaka mbandakucha. Nyumba zambiri zakale kumeneko zilibe chikepe, zilibenso zotenthetsera za m'nyumba monse, ndiye ngati mukupita pakati pa December ndi February funsani za hita, komanso ngati magetsi ali kale mumtengo kapena ali ndi malire. Kutaipa zala zitauma ndi chisanu si masewera.

Kadzidzi

Mayi, apo pokha ndikutsutsani pang'ono. Kuyamba ndi sabata kumatheka nyengo imene alendo ndi ochepa. Mu July ndi August mukamati muwonjezere, mupeza wina analipira kale masiku otsatirawo, inu n'kuyamba kukoka sutikesi m'zitunda za Lisbon kusaka kwina, ntchito ikukudikirani. Kusamuka kulikonse kumadya tsiku lathunthu. Ine ndikakhutira ndi mayankho a mwininyumba ndimalipira mwezi umodzi, wachiwiri ndimaonera konko.

Mayi wa Maakaunti

Mwezi umodzi ndavomera. Iwiri ayi.

Mkulu Wakale

Ana anga, mwakamba za rauta ndi mipando, koma palibe wafunsa ngati achemwaliwa akuloledwa kugwira ntchito kumeneko. Portugal ili m'dera la Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi yokachezera, ndipo mlendo wongocheza saloledwa kupitirira masiku 90 pa masiku 180 alionse, kuwerengera maiko onse a m'deralo pamodzi. Miyezi iwiri ikukwana, koma chilolezo chokacheza si chilolezo chogwira ntchito, ndipo dziko lililonse limaiona mwake nkhani ya munthu wogwirira ntchito kampani yakunja palaputopu. Portugal inayambitsa viza ya anthu otere mu 2022, Estonia inali itayamba kale mu 2020. Funsani ku ofesi ya kazembe musanalipire nyumba, chifukwa viza ikakanika ndalama ya lendi siibwera yokha. Kuntchito kwanunso chilolezo cha abwana chikhale cholembedwa, ndipo a zamakompyuta adziwe, poti makampani ena amatseka akaunti ikangolowa kuchokera kudziko lachilendo.

China: ku Portugal nyumba zochititsa lendi alendo kwa masiku ochepa zimalembetsedwa kuboma ngati Alojamento Local, ndipo nambala yake imayenera kuoneka pa chilengezo. Ikasowa, funsani. Wina akakuuzani kuti tulukani pa pulogalamuyi, tumizani ndalama kubanki ndikutsitsireni, thawani. Mukatero mulibenso kokadandaula.

Masoketi a kumeneko ndi a mabowo awiri ozungulira, 230 V. Adaputala imodzi ndi ekisitenshoni yanu zikwanira zonse.

Wapaulendo

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Za viza ndinali nditayamba kale kufunsa, koma za a zamakompyuta sindinaziganizire n'komwe, ndawalembera lero m'mawa.

Dzulo ndinatumiza mafunso aja kwa eni nyumba anayi. Mmodzi sanayankhe. Wina wangoti intaneti ndi yabwino kwambiri, alendo onse amaikonda, ndiye a Kadzidzi, ameneyo ndamusiya monga munanenera. Wachitatu watumiza chithunzi cha Speedtest chooneka bwino, koma nditayenda pa Street View ndapeza kuti khomo loyandikana nalo ndi bala yokhala ndi mipando panja. Wachinayi ndi mayi wachikulire, sanamvetse za upload, ndiye wangojambula rauta ili pashelefu pabalaza, magetsi ake obiriwira akuyaka, n'kulemba kuti mdzukulu wake abwera Loweruka adzayeze. Mpando wake ndi wa pa tebulo lodyera, koma akuti ali ndi wina wa muofesi kuchipinda chosungira katundu, angathe kuutulutsa. Nyumbayo ili nsanjika yachinayi, chikepe palibe.

Ndikudikira Loweruka. Pakadali pano, alipo amene anakwezapo sutikesi ya makilogalamu 23 nsanjika zinayi? Ndichepetse katundu kapena ndingolimba mtima?