Wi-Fi ndi Bluetooth zikulimbirana GPIO imodzi: ndiipereke kwa yani mu device tree?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru pa vuto limene landidyera milungu itatu tsopano. Ndikukonza kernel ya Linux 6.1 pa bolodi imene tinajambula tokha, yokhala ndi purosesa ya Allwinner H3 ndi module ya AP6212, momwe Wi-Fi ndi Bluetooth zili pa chip imodzi. Polumikizana ndi purosesa, Wi-Fi imadzera pa SDIO, Bluetooth ili pa UART, ndipo ndikugwiritsa ntchito serdev ndi driver ya hci_bcm, osati hciattach ngati mmene tinkachitira kale.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti cholakwa ndi chathu. Pojambula bolodiyi GPIO (mapini a purosesa oyatsira ndi kuzimitsira zinthu) zinatichepera, ndiye tinamanga WL_REG_ON ndi BT_REG_ON, mapini oyatsira Wi-Fi ndi Bluetooth, pa waya umodzi, n'kuikapo resistor yokokera wayawo m'mwamba. Nthawi imeneyo zinkaoneka ngati nzeru.

Poyamba mu device tree (fayilo youza kernel zimene zili pa bolodi) ndinalemba GPIO yomweyo kawiri, monga reset-gpios pa mmc-pwrseq-simple (mbali ya MMC, imene imayendetsa SDIO ya Wi-Fi) komanso monga shutdown-gpios pa node ya Bluetooth. Driver imene yachedwa kufika imabwezedwa ndi -16 (kutanthauza kuti GPIO yatengedwa kale), chifukwa kernel siilola madriver awiri kugwira GPIO imodzi mwa njira imeneyi. Nditaisiya kwa mmc-pwrseq-simple yokha, Bluetooth inayamba kudzuka mwa apo ndi apo. Pa logic analyser ndinaona chifukwa chake ndi maso anga: fayilo ya firmware ya Bluetooth, BCM43430A1.hcd, ili mkati motumizidwa, mbali ya MMC imagwetsa waya uja pokonzekera kufunafuna khadi, ndipo chip imangoti zii uthenga usanathe.

Ndipamene ndinayesa gpio-hog kuti wayawo uzikhala m'mwamba nthawi zonse. Ndikazula magetsi n'kulumikizanso, zonse zimayenda bwino. Koma ndikangolamula reboot, dmesg imandipatsa "command 0x0c03 tx timeout", kenako -110 (nthawi yodikira yankho yatha). Mmene ndikuonera, chip siimazima konse, kotero imatsalira pa liwiro la 1500000 limene ndinaika pa max-speed, pamene kernel yatsopano ikuilankhula pa 115200, ndipo lamulo loyambirira la HCI Reset silimveka n'komwe.

Funso langa lili pawiri. Kodi njira yoyenera yofotokozera waya wa eni awiri wotere ndi iti? Nanga njira ya power sequencing (yoyatsira zipangizo motsatira ndondomeko) imene inalowa mu Linux 6.11 ingandithandize moti n'kusamukira ku kernel yatsopano? Mabolodi tapanga kale ambiri, sitingawataye.

Yankho loyamba

Achimwene, mwafufuza bwino, ndipo zimene mukuganiza za reboot ndi zoona. Gpio-hog ichotseni, chifukwa imangoimika waya pamalo amodzi ndipo palibe driver imene ingaugwetse ikafuna kuyamba mwatsopano. Chimene mukusowa ndi mwini mmodzi wodziwa kuwerenga kuti ndi angati akufuna magetsiwo, ndipo mu 6.1 ntchito imeneyi imagwiridwa bwino ndi regulator, mbali ya kernel yoyang'anira magetsi. Lembani regulator-fixed, muipatse GPIO ija pamodzi ndi enable-active-high, kenako muitchule monga vmmc-supply pa node ya MMC komanso monga vbat-supply pa node ya Bluetooth. Shutdown-gpios muichotse, popeza hci_bcm imatha kuyenda popanda iyo. Zikatero, MMC ikazimitsa mbali yake Bluetooth ili pa ntchito, wayawo sugwa, chifukwa wina akadaugwiritsa ntchito.

Chenjezo n'lakuti musaike regulator-always-on kapena regulator-boot-on, chifukwa mukatero mwabwerera ku vuto la gpio-hog lomwe lija. Popanda ziwirizi, driver imatenga GPIO ili yotsika poyamba, ndipo kutsika kumeneko ndiye reset imene mukuisowa pa reboot. Onjezerani startup-delay-us kuti chip ipeze mpata wodzuka. Ngati nthawi imene waya ukhala pansi ikhala yochepa kwambiri, ugwetsereni kale mu U-Boot (pulogalamu imene imayambitsa kernel), kuti pamene kernel ikufika chip ikhale itazima ndithu.

Yankho lachiwiri

Ndikugwirizana ndi akulu ayankha pamwambapa, koma ndionjezerepo kanthu kamene anthu ambiri amakaiwala. Module imeneyi imafuna clock ya 32.768 kHz, ndipo pa mabolodi ambiri a Allwinner clock imeneyo imachokera ku RTC ya purosesa. Ngati munaitchula pa mmc-pwrseq-simple pokha, Bluetooth ikudalira Wi-Fi mobisika, ndipo tsiku limene mbali ya MMC idzazime mudzaona zachilendo zimene simudzadziwa gwero lake. Itchuleninso pa node ya Bluetooth ndi dzina la lpo. Clock sivuta ngati GPIO, chifukwa kernel imawerenga oigwiritsa ntchito. Onetsetsaninso kuti uart-has-rtscts ilipo komanso kuti mawaya a RTS ndi CTS sanasemphane.

Za 6.11 musathamange nazo. Njira imeneyo, imene Bartosz Golaszewski analemba, inabadwa pofuna kuthetsa vuto lofanana ndi lanuli pa chip za Qualcomm monga QCA6390, momwe Wi-Fi ndi Bluetooth zimagawana magetsi. Koma siigwira ntchito yokha: pamafunika driver yopereka ndondomeko yoyatsira, ndipo driver iliyonse yoigwiritsa ntchito iyenera kusinthidwa kuti izipempha ndondomekoyo. Pamene inkalowa, ya Bluetooth imene inasinthidwa inali hci_qca, osati hci_bcm. Mukasankha njirayi, ndiye kuti mwadzilemba ntchito yosintha madriver nokha ndi kuwasamalira kernel ikamasintha.

Dziwaninso kuti device tree imayenera kufotokoza zimene zilidi pa bolodi, ndipo waya wanu si regulator yeniyeni. Pa kernel yanuyanu palibe angakuletseni, koma mukadzafuna kuitumiza kwa osamalira kernel, yembekezerani mafunso.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndachita monga mwanenera, ndipo clock ija ndinaiiwaladi pa node ya Bluetooth. Ndasiya bolodi ikudzichitira reboot usiku wonse, ndipo m'mawa uno Bluetooth (hci0) yaoneka ulendo uliwonse popanda -110. Pa logic analyser waya ukutsika kamodzi kernel ikamayamba, n'kukwera, osagwanso mpaka firmware yonse italowa.

Chatsala chimodzi chimene chikundisowetsabe mtendere. Bluetooth ikadzauma chipangizo chili kwa kasitomala, sindingathe kuizimitsa payokha, chifukwa regulator siigwetsa waya pamene Wi-Fi ikuugwiritsa ntchito. Ndayesa kuchita unbind (kumasula driver ku chipangizo chake) pa driver ya Bluetooth yokha, ndipo waya wangokhala m'mwamba. Ndikachita unbind pa MMC ndi pa Bluetooth pamodzi, kenako n'kuzibwezera, chip imadzukadi, koma intaneti imaduka kwa kanthawi, ndipo ndi Wi-Fi yomweyo imene timalowera m'chipangizocho tili kutali. Pa bolodi yotsatira BT_REG_ON idzakhala ndi GPIO yakeyake, ngakhale zitatanthauza kuchotsa nyale imodzi ya LED. Koma pa mabolodi alipowa, kodi alipo amene anakwanitsapo kudzutsa mbali ya Bluetooth ya chip yotere kudzera pa UART pokha, osakhudza magetsi?