Thandizo pa kupanga pivot table ndi awk kapena datamash

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndimasunga kaundula wa gulu la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota, ndipo zolemba zonse zili mu fayilo ya CSV (mtundu wa fayilo yolekanitsa zolemba ndi chizindikiro cha mpumiro, ",") yokhala ndi mudzi, mwezi, mtundu wa mpunga ndi makilogalamu amene mlimi wabweretsa. Fayiloyi yakula moti kompyuta yathu yakale, imene ili ndi Ubuntu, imaima ndikaitsegula mu pulogalamu ya zamuofesi ya LibreOffice.

Ndikufuna pivot table, kutanthauza tebulo loti midzi ikhale m'mizere yotsika, mitundu monga Kilombero ndi Faya ikhale pamwamba, ndipo pakati pazioneka makilogalamu ophatikiza. Lamulo la crosstab, lopangira tebulo lotere mu pulogalamu yowerengetsera ziwerengero ya datamash, likugwira ntchito, koma pamene mudzi sunabweretse mtundu wina likulemba N/A, pomwe ine ndikufuna 0 kuti ndithe kuphatikiza mzere wonse. Kodi zimenezi zimakonzedwa bwanji?

Vuto lalikulu lili pa awk, pulogalamu ina yosanthula zolemba mzere ndi mzere, chifukwa mayina ena ali ndi chizindikiro cha mpumiro (,) m'kati mwake, choncho akugawika pawiri ndipo ziwerengero zikusokonekera, chinthu chondidetsa nkhawa poti malipiro a alimi amachokera pamenepa. Kodi pulogalamu ya Miller, yogwira ntchito ndi mafayilo a CSV, ingathane nazo bwino, kapena ndisamutsire zonse mu SQLite, pulogalamu yosungiramo zolemba m'matebulo?