Kaphunzitsidwe ka mtundu wa maso m'Fomu 4

Mphunzitsi wa ku Zolozolo: Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru zanu pa phunziro la zimene mwana amatengera kwa makolo. Mabuku ambiri amapereka chitsanzo cha maso abulauni ndi abuluu, n'kunena kuti jini (kachinthu ka m'thupi konyamula zimene mwana amatengera kwa makolo) ya bulauni ndi yamphamvu pomwe ya buluu imabisika, koma m'kalasi mwanga mulibe mwana wa maso abuluu, choncho ophunzira akungoloweza tebulo la Punnett (loonetsa majini amene mwana angalandire kwa makolo) osalimvetsa. Chandithetsa nzeru n'chakuti mtsikana wina wafunsa ngati mwana wa maso abuluu wobadwa kwa makolo akuda amakhala wa bambo wina, ndipo zikuoneka kuti akunena za mwana wa kwawo.

Mphunzitsi wa ku Luwinga: Madamu, chitsanzocho n'chakale, chinatchuka ndi zimene Charles Davenport ndi mkazi wake Gertrude, asayansi a ku America, analemba mu 1907, ndipo sichifotokoza nkhani yonse. Mtundu wa diso umadalira kuchuluka kwa melanini, utoto umene umadetsa khungu ndi tsitsi, m'mbali yozungulira mwanadiso. Melanini akachuluka diso limakhala labulauni, akachepa kwambiri limaoneka labuluu chifukwa cha mmene kuwala kumamwazikira, osati chifukwa choti mulidi utoto wabuluu. Majini amene amalamulira zimenezi ndi ambiri, ngakhale kuti akuluakulu ndi OCA2 ndi HERC2, omwe ali moyandikana pa chromosome 15 (kamodzi mwa timaulusi tonyamula majini). N'chifukwa chake, mwa apo ndi apo, makolo awiri a maso abuluu amabereka mwana wa maso abulauni, zimene tebulo la m'bukulo limakana.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Ine ndagwidwa mtima ndi funso la mtsikanayo, chifukwa yankho lolakwika likhoza kupasula banja. Muuzeni momveka bwino kuti mtundu wa maso sungatsimikize bambo wa mwana. Kwathu kuno maso abuluu amatha kubwera ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Waardenburg, limene nthawi zina limayendera limodzi ndi tsitsi loyera pamphumi komanso kusamva, ndipo diso limodzi lokha likhoza kukhala labuluu. Ngati mwanayo sacheuka akamaitanidwa, makolo ake apite naye ku Mzuzu Central Hospital kuti akamuyeze makutu asanafike msinkhu woyamba sukulu. Zimenezi mukambirane naye payekha, osati pamaso pa anzake.

Mphunzitsi wa ku Zolozolo: Zikomo, Abambo, ndidzatero. Nanga tebulo la Punnett ndiliphunzitse ndi chitsanzo chiti, popeza ana ayenera kulidziwa akamakalemba mayeso a MANEB?

Mphunzitsi wa ku Luwinga: Gwiritsani ntchito chialubino, chimene ana athu amachiona m'madera mwawo. Mtundu wake wofala kuno ku Africa umachokera m'jini yomweyo ya OCA2, ndipo mwana amabadwa nacho pokhapokha atalandira jini yobisika ya chialubino kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo awiri akuda amene onse ali nayo amakhala ndi mwayi umodzi pa inayi wobereka mwana wachialubino pa pathupi palipose, ndipo mutsindike mawu akuti palipose, chifukwa ophunzira amaganiza kuti ndi mwana wachinayi yekha. Ubwino wake phunziroli limachotsanso bodza loimba mlandu mayi yekha.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Ndikugwirizana nazo, koma ngati m'kalasimo muli mwana wachialubino musamuloze ngati chitsanzo. Pamenepo ine ndimasankha matenda a magazi otengera kwa makolo a sickle cell, omwe tebulo lake ndi lofanana ndendende.