1JZ ikutsamwa boost ikakwera: ndigule pampu ina?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, ndili ku Lilongwe. Galimoto ndi Altezza yoikidwa injini ya 1JZ-GTE, turbo imodzi yaikulu, cholinga ndi 400hp. Pampu ya mafuta ndi Walbro 255, ma injector ndi omwe anabwera ndi injini. Boost (presha ya mpweya wa turbo) ikadutsa 1 bar, wideband (geji yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta) imathawira pa 13, kusonyeza kuti mafuta akuchepa. Mafuta akatsika pansi pa kota, pa raundabauti imatsamwanso. Ndigule pampu yaikulu?

Mekaniki wa ku Biwi: Achimwene, lekani kaye kuiponda, 13 pa boost mupsereza ma piston. Pamafunika cha m'ma 11.5. Pampuyo ilibe mlandu: 400hp imamwa malita pafupifupi 150 pa ola, pomwe Walbro 255 imapopa kuposa pamenepo. Ma injector anuwo sapitirira 380cc, atheratu mphamvu. Ikani a 550cc, ECU (kompyuta ya injini) ikonzedwenso. Musanagule kanthu, mangani geji ya presha ya mafuta pa rail (paipi yogawira mafuta ku ma injector). Paipi ya vacuum ya pa regulator (chosunga presha ya mafuta) ikachotsedwa muwerenge pafupifupi 3 bar, ndipo paipiyo itabwezedwa, boost ikafika 1 bar geji ikwerenso ndi 1 bar. Ikatsika m'malo mokwera, vuto lili pakati pa thanki ndi rail.

Wamagetsi wa ku Area 25: Ndipo nthawi zambiri ndi waya. Wa fakitale ndi woonda, magetsi amafika ochepa, pampu nkumazungulira mwaulesi. Kokani waya wa 4mm² kuchokera ku batire, fyuzi ya 20A pafupi ndi batirepo, relay pafupi ndi thanki. Waya wakale ungoyatsa relay basi. Earth ikhale pa chitsulo chopala penti. Yezani pa pampu penipeni injini ikulira, muzipeza kupitirira 13V.

Mlongo wanu wa ku Kanengo: Zapakonazo ndi nkhani ina. Mafuta amathawira mbali imodzi, pampu nkumeza mpweya. Mankhwala ake ndi surge tank (kathanki kena kothandizira) ya malita 2: pampu ya m'thanki iziidzaza, ina yakunja izikankhira ku injini, return ya regulator (paipi yobweza mafuta otsala) ibwerere mu surge tank momwemo, osefukira apite ku thanki. Sefa ya 100 micron pampu isanafike, ya 10 micron itadutsa. Mukasinthanitsa, pampu imalira kenako kupsa. Ndi mafuta a m'zigubu omwe timagula kukasowawa, sefa muziitsegula pafupipafupi, mumakhala mchenga ndi madzi.

Mekaniki wa ku Biwi: Achemwali anena zoona. Kuwonjezera apo, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndiye paipi ya m'kati mwa thanki ikhale yolembedwa SAE J30R10. Ya wamba imafufuma nkung'ambika, mafuta nkumangobwerera m'thanki inu muli kalikiliki kusintha mapampu.

Wofunsa: Zikomo mabwana. Geji ija ndiilumikize isanafike regulator kapena pa return?

Mekaniki wa ku Biwi: Isanafike regulator. Pa return simuwerenga kanthu.