Galu wanga amafunikadi jekete kuti tikwere naye phiri mu December?

Membala wosatchula dzina
Abale a pa gulu, makamaka amene muli kuno ku UK ndipo mukuweta agalu, ndipatseniko nzeru. Ndimakhala ku Glasgow. Tili ndi galu wamkazi amene tinakamutenga kumalo osungirako agalu opanda mwini, akuti ndi whippet wosakanikirana ndi mtundu wina. Ndi wowonda, wa miyendo italiitali, ndipo ubweya wake ndi waufupi moti kumimba khungu limachita kuonekera.

Mwana wanga wachisamba wayamba kukonda zokwera mapiri, ndiye akufuna kuti pa tchuthi cha December tikakwere phiri la Ben Lomond kuno ku Scotland, galuyo ali nafe. Conic Hill ya ku Balmaha tinakwerapo naye nyengo yotentha, sanavutike. Koma paja Conic Hill ndi mamita 361 okha, pomwe Ben Lomond ndi 974.

Mwanayu akuti tigule jekete ya galu yosalowa madzi, ndi tinsapato tomwe. Bambo ake akuti zimenezo ndi za azungu, zongodyera anthu ndalama. Inenso mtima ukukayika. Ndinakulira ku Dedza, ndipo amene mumakudziwa mukudziwa mmene kumazizirira mu June ndi July, koma agalu athu ankangodzipinda paphulusa kukhitchini, m'mawa n'kudzuka bwinobwino. Ndiye jekete ndi yofunikadi, kapena ndi fashoni chabe? Chonde musandiseke, ndikufunsa moona mtima.

Bambo wina wa ku Lilongwe
Amayi, ndalama ya jeketeyo titumizireni kuno tigulire ana majuzi pa kaunjika. Galu Mulungu anamuveka kale.

Mayi wa ku Edinburgh
Achimwene a ku Lilongwe, inenso ndinkaseka choncho ndisanawete galu kuno. Achemwali, yankho lili pa ubweya wa galu wanuyo. Pali agalu a ubweya wa mitundu iwiri, wofewa wamkati wosunga kutentha ndi wolimba wakunja wotchinga madzi, monga husky, border collie, German shepherd ndi Labrador. Amenewo jekete sawafunika kwenikweni, mwinanso imangowatenthetsa. Koma whippet ndi greyhound alibe ubweya wamkatiwo, komanso alibe mafuta ambiri m'thupi. Akanyowa, mphepo n'kuwomba, kutentha kumathawa msanga kwambiri. Wanuyo ali m'gulu limeneli. Gulani.

Mnyamata wokwera mapiri, Stirling
Mayi, nkhani ya Dedza ija ndaimva, koma taonani kusiyana kwake. Galu wa ku Dedza amagona pouma, pobisika mphepo, paphulusa lofunda. Choopsa paphiri si kuzizira kokha, ndi zinthu zitatu zikakumana: kunyowa, mphepo, ndi kuima. Amene anagwidwapo ndi chiperoni pa Mulanje akumvetsa zimene ndikunena.

Kawirikawiri mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye ngati pa Rowardennan pomwe mumasiya galimoto pali madigiri 4, pamwamba pa Ben Lomond padutsa kale pa ziro, osawerengera mphepo. Galu akamathamanga pokwera amadzitenthetsa yekha, vuto limayamba mukakhala pansi kumwa tiyi ndi kujambula zithunzi pamwamba paja. Ine wanga ndimamuvula pokwera ngati sikukugwa mvula, jekete ili m'chikwama, ndikaima ndimamupukuta ndi thaulo n'kumuveka. Musamuveke juzi yaubweya yopanda chotchinga madzi pamwamba. Ikanyowa imamuziziritsa kuposa kukhala wosavala.

Koma ndinene mosapsatira: Ben Lomond mu December si phiri loyambira. Ulendo wopita ndi kubwera umatenga maola pafupifupi 5 nyengo ikakhala yabwino, ndipo masiku amenewo dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo. Pamwamba pamatha kukhala sinowo ndi ayezi woterera, chifunga chimatsika mwadzidzidzi njira n'kusowa. Inuyo muli ndi zida zoyendera pa ayezi? Ngati mulibe, jekete ya galu ndi nkhani yaing'ono.

Membala wosatchula dzina
Zida tilibe achimwene, tili ndi majombo ndi majekete a mvula basi. Za dzuwa kulowa msangazo mwanayu sananene n'komwe.

Mnyamata wokwera mapiri, Stirling
Ndiye bwererani ku Conic Hill kapena pitani ku Pentland Hills kufupi ndi Edinburgh, muone mmene galuyo achitire pozizira. Ben Lomond isungeni mpaka May kapena June. Tsiku lililonse lokwera, yang'anani kaye za nyengo ya m'mapiri pa webusaiti yolosera nyengo ya m'mapiri ya MWIS kapena pa ya Met Office, nthambi ya zanyengo ya UK, osati ya mumzinda ya pafoni ija.

Mayi wogwira ntchito kuchipatala cha ziweto
Ndiwonjezeko pang'ono. Thupi la galu limatentha kuposa lathu, pakati pa madigiri 38 ndi 39, koma sizitanthauza kuti samva kuzizira. Muziyang'ana izi: kunjenjemera kosalekeza, kupinda msana mchira uli pakati pa miyendo, kunyamula phazi limodzi kenako lina, kufuna kubwerera kapena kubisala kuseri kwa mwala. Mukaona kuti wafooka, akuyenda ngati woledzera, kapena kunjenjemera kwasiya koma iye ali lefuu, pamenepo zafika poipa. Mupukuteni, mufunditseni chouma, tsikani naye msanga mukaonane ndi dokotala wa ziweto. Musamukhazike pafupi kwambiri ndi hita kapena kumuthira madzi otentha, atenthe pang'onopang'ono.

Mbali inayo ilinso yoona. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma mwawefuwefu lilime lili kunja. Mukamuona akuchita zimenezo atavala jekete kunja kukuzizira, muvuleni.

Tinsapatoto ine sindikakamiza. Agalu ambiri amatikana, ndipo timavuka n'kutayika. Chofunika ndi kutsuka mapazi ake ndi madzi ofunda mukafika kunyumba, chifukwa mchere umene amawaza m'misewu nyengo yozizira umatupitsa ndi kung'amba mapazi, komanso akamanyambita umamudwalitsa.

Bambo wina wa ku Lilongwe
Mpaka kumusambitsa mapazi ndi madzi ofunda? Ine ndabadwa molakwika, ndikanakhala galu wa ku Scotland.

Bambo wa ku Dumfries
Zajeketezo anena kale anzanga. Ine ndikuti musaiwale chingwe. Mapiri ambiri a kuno, Ben Lomond yomwe, amadyetserako nkhosa, ndipo whippet ndi galu wothamangitsa chilichonse chothawa. Kuyambira mu 2021 lamulo la ku Scotland linakhwima, galu wanu akathamangitsa kapena kuluma ziweto mukhoza kulipa chindapusa chofika £40,000 kapena kukhala kundende mpaka miyezi 12. Ndiye pogula jeketeyo sankhani yokhala ndi kabowo pamsana potulukira chingwe cha harness (malamba omangira galu pachifuwa ndi pamsana), komanso ya mtundu wowala kuti azioneka m'chifunga. Yophimba chifuwa ndi mimba ndiye yabwino kwa galu ngati wanuyo, popeza ndi kumene kulibe ubweya. Muyezeni kuchokera pakhosi kufika poyambira mchira musanagule, ma whippet chifuwa chawo ndi chakuya koma chiuno chaching'ono, majekete wamba amawakhala lendelende.

Membala wosatchula dzina
Zikomo nonse, ndi inu a ku Lilongwe omwe, ndaseka mpaka misozi. Tagwirizana kuti Ben Lomond idikire, ndipo jekete tigula, tinsapato ayi. Bambo a kunyumba akuti iwo sayenda nafe limodzi pamsewu galuyo atavala. Funso lina: amene muli ndi ma whippet, munatani kuti azolowere? Tamuyesa juzi yakale ya mwana, wangoima chilili pakati pa balaza osasuntha ngakhale phazi limodzi.